"Tidzaona" si yankho

Kuno kuseri kwa Ntaja m'boma la Machinga dzuwa la Okutobala latikwana. Ikamati 11 koloko malata a m'kalasi amakhala atayamba kulira, ana akuwodzera, mphunzitsi thukuta lili kamukamu. Sabata ino ndabwera ndi nkhani yooneka yaing'ono: tikalata tatifupi ta Chingerezi tomwe munthu amalemba poitana mnzake ku mwambo, povomera kuti abwera, kapena pokana. Ndinkaganiza kuti ndi phunziro la mphindi 40, longofufuta pabolodi n'kupita ku lina. Landitengera masabata atatu, ndipo mpaka lero likundizungulirabe m'mutu.

Ndimaphunzitsa Chingerezi ku Fomu 2 pasukulu ina ya sekondale yoyendera, zija timati CDSS. Ana anga ambiri kunyumba amayankhula Chiyao, pamsika ndi pabwalo la mpira amayankhula Chichewa, ndipo Chingerezi amakumana nacho pakhomo la kalasi n'kuchisiyanso pomwepo poweruka. Komabe amadziwa kuti popanda Chingerezi palibe satifiketi. Chaka cha sukulu chino chikamatha akalemba JCE, mayeso omwe adabwereranso mu 2021 atathetsedwa kwa zaka zingapo, ndipo kutsogoloku ku MSCE munthu angakhoze masamu ndi sayansi bwanji, akagwa Chingerezi bungwe la Maneb silimupatsa pepala. Choncho ndikati lembani, amalemba ndi mtima wonse.

Ntchito yomwe ndidawapatsa idali yosavuta. Aliyense alembere mnzake wokhala naye padesiki kakalata ka mizere itatu kapena inayi, komuitanira ku mwambo uliwonse womwe angaganize. Akatero asinthane makope, ndipo woitanidwayo ayankhe kawiri: koyamba avomere, kachiwiri akane. Ndidatolera makope onse, n'kuwamanga pakaliyala ya njinga kuti ndikawachongere kunyumba madzulo.

Makalata oitana adandisangalatsa. Mudali moyo wathu wonse wa kuno. Wina adaitanira mnzake ku chinkhoswe cha achemwali ake ku Nsanama, wina ku sadaka ya agogo ake, wina kokalandira mng'ono wake potuluka kundagala. Mnyamata wina adaitanira mnzake kokaonera mpira pakanema pa Ntaja, n'kuwonjezera kuti aliyense adzilipirire yekha pakhomo. Zolakwa za masipelo ndi galamala zidalipo, koma uthenga unkamveka. Makalata ovomera nawo adayenda bwino. Kuthokoza ana athu amatha, moti ena adathokoza katatu m'mizere inayi.

Nditafika pa makalata okana ndiye cholembera changa chofiira chidaima. M'kalasi ya ana oposa 60, omwe adakana zenizeni sadakwane asanu. Ambiri adalemba kuti "I will try my best to come", ena "I will come if God wishes", ena adati abwera koma mochedwerapo. Ana 8 adapha agogo awo kuti apeze chifukwa, aliyense kulemba kuti sabwera poti kwawo kwagwa maliro. Agogo a mmodzi mwa anawo ndimawadziwa bwino, ndipo Loweruka lomwelo ndidawapeza pamsika ali bwinobwino, akugulitsa nandolo. Mnyamata wina adangovomera kawiri. Nditamufunsa m'mawa mwake adati: "Sala, munthu wandiitanira mpunga wa nkhuku, ndiye ndimukane bwanji? Mawa adzandiitananso?"

Tsiku limenelo ndidawakalipira. Ndidati sadamvere malangizo, ndidati ndi ulesi. Koma ndikupalasa njinga kubwerera kunyumba ndidayamba kudzifunsa kuti ineyo, ndi dipuloma yanga ya ku Domasi, ndidayamba ndamukanako liti munthu m'maso muli gwa? Yankho lake lidandichititsa manyazi, ndipo sindikubisirani.

Kwathu ndi ku Phalula m'boma la Balaka, m'mbali mwa msewu wa M1. Zaka zinayi zapitazo mlongo wanga, mwana wa mayi aang'ono, ankachita chinkhoswe. Amalume, omwe ndiwo eni mbumba, adandiimbira foni kudakali mwezi wathunthu. "Mphwanga, iwe ndiye wa sukulu pamtundu pano. Udzabwere udzagwire kope, uzidzalemba mphatso ndi kuwerengera ndalama za perekaniperekani." Pamene ankayankhula n'kuti ine ndikudziwa kale kuti sindipita. Tsikulo linkagwa pakati pa mwezi, m'thumba mutauma, ngongole ya kugolosale ikundidikira. Ulendo wochoka kuno umafuna kabaza, minibasi yokatsika pa Liwonde, ina ya ku Balaka, kenako ina ya ku Phalula. Komanso kufika chimanjamanja pachinkhoswe cha mlongo wako, iwe wolandira malipiro a boma, n'kudzichotsa ulemu. Koma pakamwa panga padatuluka mawu akuti: "Chabwino amalume, tidzaona."

Kwa ine mawuwo ankatanthauza kuti ayi. Kwa amalume ankatanthauza kuti inde. Tsikulo litafika ndidathimitsa foni. Ndidamva pambuyo pake kuti mwambo udachedwa kuyamba, anthu akuyang'ana kumsewu minibasi iliyonse ikaima. Mapeto ake kope adapatsa mnyamata wa Sitandade 7 yemwe adasokoneza maina a opereka mphatso, mpaka ena akuchimuna adadandaula kuti mbale zawo sizidalengezedwe. Nditapita kumudzi pa Khirisimasi amalume sadandikalipire. Adandipatsa mpando pansi pa mtengo wa mango n'kunena motsitsa mawu: "Mphwanga, ukadanena kuti ulibe ya thiransipoti tikadakusonkhera. Ukadanena kuti subwera tikadapeza wina. Koma iwe udatisiya tikuyang'ana kumsewu." Mawu amenewo adandipweteka kuposa ndodo iliyonse yomwe ndidalandirapo kupulaimale.

Ndiye ana anga aja sudali ulesi. Adangolemba m'Chingerezi zomwe amamva ife akuluakulu tikunena m'Chichewa ndi m'Chiyao tsiku ndi tsiku: tidzaona, ndiyesetsa, Mulungu akalola, inshallah. Makolo adatisiyira mwambi woti kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Wamkulu akakutuma sumuyankha kuti sindifuna. Umalandira nsaluyo n'kuiika m'madzi, iye aziona yekha kuti zinthu sizikuyenda. Mwambiwu uli ndi nzeru yake. Umasunga ulemu wa wamkulu, ndipo pamudzi pomwe anthu azidzakumanabe pachitsime ndi pamaliro mpaka ukalamba, kusungirana ulemu si chinthu chochitengera chibwana.

Komanso kuitana kwa kumudzi sikunkadalira yankho. Kudalibe khadi. Ankatuma mwana, kapena nkhoswe inkayenda khomo ndi khomo, kapena amfumu ankalengeza, ndipo uthenga ukafika pakhomo ndiye kuti waitana banja lonse pamodzi ndi mlendo yemwe wagona pamenepo. Palibe ankawerenga mbale. Amayi ankakonza thobwa m'migolo, nsima m'miphika ikuluikulu, anthu akachuluka n'kuwonjezera msuzi ndi kuchepetsa mitanda. Kumaliro ndiye saitana n'komwe. Pa moyo wotere, kufunsa munthu kuti kodi ubwera kapena subwera kumamveka ngati ukumuwerengera chakudya. Wosabwera ankadziwika tsiku lomwelo, n'kudzapepesa pambuyo pake atanyamula kankhuku.

Koma taonani mmene miyambo ikuyendera lero pa Balaka, pa Liwonde, ngakhale pa Ulongwe. Anthu akuchita lendi holo, mipando akulipira umodziumodzi, ophika akufunsa chiwerengero cha mbale asadagule mpunga, galimoto yonyamula akuchikazi ikufuna mafuta. Abale adamwazikana, wina ali ku Lilongwe, wina ku Nampula, wina ku Joni. Mwini mwambo akufunika kudziwa obwera. N'chifukwa chake makhadi aja timasindikizitsa m'tauni, kapena kutumizirana pa WhatsApp, pansi pake pamakhala zilembo zinayi, RSVP, ndi manambala a foni. Ndidafunsa ana tanthauzo lake. Mtsikana wina adati ndi maina a akomiti. Mnyamata wa kumbuyo adaimika mkono n'kunena nthabwala ija yotchuka yoti "Rice and Stew Very Plenty", kalasi yonse n'kufa nako kuseka. Zilembozi n'chidule cha mawu a Chifalansa otanthauza kuti chonde yankhani. Takhala tikuzisindikiza zaka zonsezi, koma ndi angati mwa ife adaimbapo pa manambala aja kunena kuti sabwera?

Sabata yachiwiri ndidayambiranso phunziroli, koma buku ndidatseka. Ndidawafunsa m'Chichewa: "Mukamadutsa pakhomo pa eni, mwawapeza akudya, n'kukuitanani kuti tiyeni kuno nsima, inu mutakhuta kapena muli pachangu, mumati chiyani?" Onse pamodzi adati: "Zikomo, pitirizani!" Ena adayankha m'Chiyao, koma mfundo yake idali yomweyo. Ndidafunsanso: "Eni khomo aja amakwiya?" Adati ayi. "Mumapha agogo anu kuti akumvetseni?" Adaseka. Pamenepo tidagwirizana kuti kukana mwaulemu sikudabwere ndi azungu, tili nako kale. Umathokoza, umanena momveka kuti ayi, umawafunira zabwino, n'kupitiriza ulendo. Chidatsala n'kungozinena zomwezo m'Chingerezi.

Tidalemba pabolodi nsanamira za kalata iliyonse mwa zitatuzi. Kalata yoitana iyankhe mafunso asanu: akuitana ndani, ku mwambo wanji, tsiku liti, nthawi yanji, malo ati. Apa ambiri adagwa poyamba paja, chifukwa kumudzi timangoti Loweruka likubwerali chakumasana, aliyense n'kumva. Papepala muyenera kulemba dzina la tsiku, deti lake ndi ola lenileni, chifukwa kalata ikhoza kugona m'thumba la woitenga masiku anayi. Pomaliza muuzeni munthuyo tsiku lomwe mukufuna yankho. Chitsanzo chathu chidali chotere: "Dear Uncle, please come to our prize-giving day at school on Friday, 14 November, at 9 a.m. Kindly let me know by Monday if you will come." Basi. Zofunsa moyo wa ana, nkhuku ndi mbuzi zisungidwire kalata yaitali, ngakhale ndikudziwa kuti kwathu kuno uthenga wosayamba ndi moni wautali umaoneka wouma.

Kalata yovomera ili ndi nsanamira zitatu: thokozani, nenani kuti mubwera, bwerezani tsiku ndi nthawi. Kubwerezako kuli ndi ntchito. Ngati mudamva Lachisanu pomwe mwini wake ankanena Loweruka, cholakwacho chigwidwa msanga. "Thank you for inviting me. I will be glad to come on Friday at 9 a.m." Yokana nayo ili ndi zitatu: thokozani, nenani kuti simubwera, afunireni zabwino. "Thank you for inviting me. I am sorry I will not be able to come. I wish you a happy day." Chifukwa cholepherera mukhoza kuchitchula m'mawu ochepa ngati chili choona ndipo simukuchita nacho manyazi. Ngati mulibe choona choti munene, siyani. Bodza la maliro limafuna bodza linzake mawa, anthu akabwera kudzapepesa.

Chingerezi chili ndi misampha yakeyake pa nkhaniyi. Nditalemba kuti "I am afraid I cannot come", mtsikana wina adafunsa mwachifundo kuti kodi munthuyo akuopa chiyani, kapena kumeneko kuli agalu? Ndidafotokoza kuti apa mulibe mantha, ndi njira chabe yofewetsera mawu, monga ife timayambira ndi pepani pomwe sitidalakwe. Pa makhadi a ukwati pamalembedwa kuti "request the pleasure of your company", ndipo ana adadabwa kuti munthu wopanda kampani akalowa bwanji. Tanthauzo lake n'loti akufuna mudzakhale nawo. Makhadi otere amalembedwa ngati akunena za anthu ena, mulibe ine ndi iwe, ndipo izi ana a Chiyao sizidawavute kumva poti m'chiyankhulo chawo munthu wolemekezeka amamuyankhula chomwecho, ngati akunena za wina. Mukaona khadi lalemba kuti "Regrets only", ndiye kuti ayankhe okhawo omwe sabwera. Mukakhala chete akuwerengerani mbale.

Msampha waukulu ndi mawu aja oti "I will try". Munthu yemwe sadakulire kuno akawerenga amangoti mwina abweradi, n'kukusungirani malo. Izi zidzawapeza anawa kutsogolo. Kalata yoitanira munthu kuintavyu ya ntchito, kapena yomuuza kuti wapeza malo kukoleji, kawirikawiri imabwera m'Chingerezi, ndipo nthawi zina imapempha kuti atsimikize pofika tsiku lakuti. Kumeneko kulibe amalume oti adzakukhazike pansi pa mango. Ukapanda kuyankha zomveka, malo amapereka kwa wina.

Kenako tidachita sewero. Awiriawiri ankaima kutsogolo, wina kuitana, wina kukana. Kukanana okhaokha sikudawavutenso, ena mpaka adachita nako matama. Ndiye ndidaima ine n'kunena m'Chingerezi kuti ndikuitana mmodzi wa iwo adzandisosere m'munda Loweruka, ndipo ntchito yake ndi yoti andikane. Palibe adatha. Mnyamata wolongolola kwambiri m'kalasi monse adayang'ana pansi, kukanda m'mutu, n'kunena kuti "Yes, sir". Mawu a Chingerezi ankawadziwa, adali atangowanena kumene kwa mnzake. Chidamukanika n'kukana munthu yemwe akumuposa. Ana athu timawaphunzitsa kumvera kuyambira ali kumsana, ndipo timachita bwino, koma palibe amawauza kuti pali kuitana kwina kofunika kukukana, ngakhale woitanayo akuposa zaka, udindo kapena ndalama.

Lachinayi la sabata imeneyo, anzake ataweruka, mtsikana wina adatsalira pakhomo la kalasi akupinda ngodya ya kope lake. Sinditchula dzina lake kapena mudzi wake. Ali ndi zaka 15, amakhala kutsogolo, sayankhulayankhula koma amalemba bwino. Adati: "Sala, ndimafuna ndifunse nawo. Pokana paja, mpaka munthu apereke chifukwa?" Ndidati ayi, monga ndidanenera m'kalasi. Adakhala chete pang'ono, kenako adati: "Chifukwa ine ndikapereka chifukwa amangosintha tsiku."

Ndidadziwa kuti izi si za JCE. Ndidamuuza kuti adikire, n'kukaitana madamu omwe amayang'anira atsikana pasukulu pathu, chifukwa nkhani yotere mphunzitsi wamwamuna saimvera yekha. Pamaso pa madamu mtsikanayo adatulutsa foni ya achemwali ake. Mudali mauthenga ochokera kwa bambo wina wa m'dera lomwelo, wobwera kumene kuchokera ku Joni, wa njinga yamoto yatsopano. Ankalemba m'Chingerezi, mwina pofuna kuoneka wozindikira, kumuitanira ku Liwonde kuti akadye chipisi ndi kuona mvuu pa Kamuzu Barrage. Koyamba mtsikanayo adayankha kuti akuchapa. Bamboyo adati ndiye Lamulungu. Adati ali ndi homuweki. Bamboyo adati ndiye Loweruka linalo. Adati "I will see". Bamboyo adatumiza mayunitsi. Kwa masabata asanu mwanayo adakhala akuviika nsalu, ndipo mwini nsalu sadatope kudikira.

Tonse tikudziwa kumene maulendo otere amathera. Machinga ndi limodzi mwa maboma omwe amatchulidwa kawirikawiri pa nkhani ya mimba ndi maukwati a ana, ndipo ife aphunzitsi sitidikira lipoti kuti tidziwe, timaona tokha madesiki akutsala opanda eni ake teremu ikamatha. Lamulo lilipo. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la maukwati loti munthu asalowe m'banja asadakwane zaka 18, ndipo mu 2017 idasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti agwirizane nalo. Koma 8 koloko usiku, uthenga ukalowa pafoni, pamalopo sipakhala wapolisi kapena phungu. Mwanayo amakhala yekha ndi mawu omwe tidamuphunzitsa. Ngati mawu onse omwe tidampatsa ndi tidzaona, tamusiya chimanjamanja.

Madamu adamufunsa chomwe iye mwini akufuna. Adati sakufuna kupita, koma akuopa kuoneka wamwano poti bamboyo amadziwana ndi akwawo ndipo adawagulirapo shuga. Tidamupatsa pepala kuti alembe yekha. Adalemba, kufufuta, kulembanso. Koyamba adamaliza ndi "maybe next time", poti m'kalasi ndidanenapo kuti mawuwa amakometsa kalata yokana. Madamu adandiyang'ana, ine n'kuvomera kuti apa ndidaphunzitsa moperewera. Mawu amenewo ndi olembera munthu yemwe ukufunadi kuti adzakuitanenso. Chomwe chidatsala papepala chidali ichi: "Thank you for your message. I will not come. Please do not invite me again." Simudali chipongwe kapena bodza m'menemo, komanso simudali poti bamboyo agwire n'kusinthanso tsiku.

Sindikunamizani kuti mizere itatu ya Chingerezi ingathamangitse munthu wa zolinga zoipa. Ntchito yaikulu idagwiridwa ndi ena. Madamu adakaonana ndi mayi a mtsikanayo, amayi a gulu loyang'anira atsikana, aja timati mother group, adalowererapo, ndipo nkhani idakafika kwa amfumu. Mayi ake adati ankaona mwana wawo akusowa mtendere koma iye sankanena kanthu. Chomwe kalata ija idachita n'choti mwanayo adanena ayi wathunthu koyamba kwa munthu wamkulu, n'kuona aphunzitsi awiri akumuyamikira m'malo momudzudzula. Pamene ndikulemba pano akubwerabe kusukulu, ndipo akukhalabe kutsogolo.

Ndiyeneranso kunena ichi, ngakhale chiwawawe anzanga a choko. Nthawi zina woitana uja sachokera ku Joni. Amachokera m'chipinda cha aphunzitsi, atanyamula malikisi m'malo mwa mayunitsi. Mwana yemwe sadathe kukana kudzasosa m'munda mwanga pa sewero chabe, adzakana bwanji akauzidwa kuti abweretse makope kunyumba madzulo? N'chifukwa chake Lolemba lotsatira tidabwereza sewero lija mpaka aliyense, mnyamata ndi mtsikana yemwe, adaima, kundiyang'ana, n'kunena kuti "Thank you, sir, but I will not come." Ena mawu ankanjenjemera, ena adanenera pansipansi. Onse ndidawapatsa malikisi.

Kwa makolo anzanga, pempho langa ndi ili. Mwana akakuyankhani mwaulemu kuti chinthu sakwanitsa, musathamangire kunena kuti sukulu yamuwononga. Kugwada, kulandira ndi manja awiri ndi kuyankha kuti wawa zisathe, koma mwana adziwenso kuti munthu akhoza kugwada n'kukana. Ndipo ife tomwe tiyambe kuonetsa chitsanzo. Nyengo ino mpaka mvula itagwa ndi ya maukwati, zinkhoswe ndi ziliza, makhadi akuyenda. Mukalandira, yang'anani kalendala ndi thumba lanu, muyankhe kudakali nthawi. Mapanga awiri avumbwitsa, musalonjeze ku Ulongwe ndi ku Nayuchi Loweruka limodzi. Kaya muyankha m'Chingerezi, m'Chichewa kapena m'Chiyao, mwini mwambo adziwe ngati akuphikireni kapena ayi.

Kwa aphunzitsi anzanga a Chingerezi, phunziroli musalidumphe poti n'lalifupi. Yambani ndi chiyankhulo chomwe ana amalotera, awonetseni kuti ulemu womwe buku likufuna ali nawo kale, kenako mubweretse Chingerezi. Ndipo mwa makalata atatu aja, nthawi yambiri muipereke kwa yokana. Enawo ana amangowalemba okha.

Patebulo panga pano pali khadi la ukwati wa mnzanga yemwe tidali naye ku Domasi, womwe udzachitikire ku Balaka Loweruka loyamba la Novembala. Sabata yotsatira yake kuli chiliza cha agogo ku Phalula. Thumba langa silingakwanitse maulendo awiri mwezi umodzi. Kale ndikadauza onse awiri kuti tidzaona. Dzulo ndidamulembera mnzangayo uthenga. Ndidathokoza, ndidanena kuti sindibwera, ndidawafunira banja labwino, n'kutumiza kangachepe pafoni. Pasadathe ola adayankha kuti: "Zikomo achimwene pondiuza msanga, mpando wanu tipatsa azakhali a mkwatibwi." Nditatero ndidaimbira amalume kuti ku chiliza ndidzafika Lachisanu madzulo, kope lili m'manja. Adaseka kwa nthawi yaitali, kenako adafunsa kuti: "Mphwanga, ndidzafika ameneyu ndi weniweni, kapena ndi mng'ono wake wa tidzaona uja?" Ndidawauza kuti aphe nkhuku.